Mphanda ya Mitsinje, Abakha

Pa chitseko cha chipinda nambala 14 analemba Entwistle.
Ndinayamba kulitchula ngati wotafuna mchenga,
lilime likukana, mano akugundana,
mpaka mwini dzina, Wilfred,
anaseka, mano ake ali m'kapu pa windo.

Lachiwiri lina ndikumumeta ndevu
anati dzina lake ndi mudzi,
kamudzi ka kumtunda kwa Bolton
pomwe mitsinje iwiri imakumana
ndipo abakha akale ankasamba pa mphandapo.
Tanthauzo ndi lomwelo basi, anatero,
mphanda ya mitsinje, abakha.
Iye sanapondeko phazi.
Anabadwira kuseri kwa fakitale ya thonje
nagwira momwemo mpaka makutu anagontha.

Kuyambira tsikulo dzinali linayamba kundilondola.
Pa vani ya wokonza mipope.
Pa chikwangwani cha wogulitsa nyama.
Kumanda a tchalitchi, komwe ndimadutsa pothamangira basi ya m'mamawa,
ndinawerenga miyala isanu ndi iwiri,
umodzi wa khanda la miyezi itatu.
Mnzanga wa ku London akuti kumeneko salimvaimva,
koma kuno lamera ngati chisoso m'munda wogonera.

Tsiku langa lopuma ndinakwera sitima kukaona.
Anandiuza kuti pa siteshoni imeneyo sitima siima yokha,
uyenera kupempha, ngati wopempha moto.
Ndinatsika ndekha.
Mphepo, nkhosa zonyowa, mipanda ya miyala yosanjikizana popanda simenti,
damu lalikulu lakuda litakhala phee m'chigwa.
Ndinafunsa mayi wina woyenda ndi galu
ngati pano pali a Entwistle.
Anaganiza nthawi yaitali, galu akukoka chingwe.
Ine sindikudziwa aliyense, anatero.

Ndinakhala pa mwala mpaka thalauza linanyowa,
ndipo pamenepo ndinazindikira:
munthu sapatsidwa dzina la kwawo ali kwawo.
Uyambe wachoka, wamanga kamtolo,
ufike pomwe anthu alibe nthawi yofunsa za amako,
ndiye akuti, uja wa ku Entwistle uja,
mawa achotsa wa ku,
mkuja mwana wako akulemba pa sileti
mudzi umene sadzauona.

Langa ndi Chidambo.
Atate awo a atate anga anamanga m'dambo pothawa msonkho,
udzudzu unawadya koma dzina anatisiyira.
Dambo lija pano ndi chigayo ndi magolosale atatu,
ndipo a Chidambo tili ku Ndirande, ku Joni, ku Bolton,
aliyense akunyamula matope amene sanapondepo.

Bakha ndinamuona mmodzi yekha,
wamutu wobiriwira, akuyandama chammbali ngati waganyu wotopa.
Ndinamujambula pa foni.

Lolemba ndinamuonetsa Wilfred chithunzicho.
Linali limodzi la masiku ake a nkhungu.
Anayang'ana bakha, anayang'ana ine,
anafunsa ngati belu la fakitale lalira.
Ndinati lisanalire timwe tiyi.
Pa khadi la mankhwala dzina lake linali pomwepo,
zilembo zisanu ndi zinayi,
likukumbukira mitsinje m'malo mwake.

Chidambo amulephera onse m'nyumba muno.
Edna wa m'chipinda 9 anayesa sabata imodzi nagonja,
ndiye anafunsa komwe ndinachokera.
Tsopano m'khonde monse, usiku, mabelu akamalira,
ndimamva Malawi, bulangete langa lagwa,
Malawi, zimitsa nyali,
Malawi, kodi mwana wanga waimba?
Ndimayankha.
Ndayankha zaka zinayi.

Dzulo mwana wanga Tadziwana anabwera kudzanditenga,
ataima pakhomo ndi chikwama cha kusukulu,
chipale chikusungunuka pa nsapato.
Edna anamuloza ndi ndodo,
nauza Wilfred mokweza, poti ndi wogontha:
uyo ndi mwana wa Malawi.
Mnyamatayo, amene anachoka kwathu ali kumsana,
anatembenuka.